Ndili kwawo kwa chimanga koma ndikugona ndi njala

Mlimi_wa_Linthipe
Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndili ku Texcoco, kufupi ndi Mexico City, kumene ndabwera ku maphunziro a zaulimi a miyezi itatu. Ndikukhala pa banja lina la anthu achifundo kwambiri, sindingawanenere choipa. Koma nkhani ya chakudya yandizunguza mutu. M'mawa amandipatsa khofi ndi kabanzi kotsekemera. Ikakwana 12 koloko, mimba yanga ya ku Dedza imayamba kufunsa nkhomaliro, koma kukhitchini kuli zii. Chakudya chimabwera cha m'ma 3 koloko. Madzulo, nthawi imene kwathu mthiko umakhala uli pa ntchito, iwo amangomwa mkaka ndi buledi, kapena kudya timikate tiwiri topyapyala ta chimanga totchedwa tortilla, n'kukagona.

Dzulo ndinalephera kupirira. Ndinagula ufa wa chimanga m'sitolo n'kupempha poto kuti ndiphike nsima. Zimene zinatuluka si nsima ayi. Inali yomata, ndipo inkanunkhira ngati khoma lopakidwa kumene laimu. Mayi a pakhomo pano anaiyang'ana, anailawa, n'kundifunsa mwaulemu chifukwa chimene ndaphikira ufa wa tortilla m'madzi. Kodi alipo pagulu pano amene anakhalako kuno? Ufa umenewu amauchita chiyani? Ndipo munthu amazolowera bwanji kudya nkhomaliro dzuwa litapendeka?

Kambuzi77
Achimwene, munanyamuka bwanji osanyamula kathumba ka ufa woyera? Ulendo wa miyezi itatu si wopita manja lendelende.

AchimweneJoni
Ufa sakanamulola kulowa nawo mwina, mabwalo a ndege ambiri amavuta pa zinthu za kumunda. Funsani sitolo ya anthu a ku Africa ku Mexico City, mwina mungapeze ufa wa kuno ku Joni.

Mayi_wa_ku_Puebla
Takulandirani achimwene. Ine ndinakwatiwa kuno, ndikukhala ku Puebla, ndipo chaka changa choyamba ndinalira ngati inuyo. Vuto lanu ndi lakuti mukuwerenga tsiku lawo ndi wotchi ya kwathu. Imene mukuitcha nkhomaliro yochedwayo ndiye chakudya chachikulu cha tsiku lonse. Amachitcha comida, ndipo chimadyedwa pakati pa 2 ndi 4 koloko. Ana akaweruka kusukulu, banja limakumana pamenepo. Chimayamba ndi msuzi wakumwa, kenako mpunga wofiira wophikira tomato, kenako ndiwo zenizeni zimene amati guisado, nyemba pambali, tortilla zotentha zokulungidwa m'kansalu, ndi chakumwa cha zipatso. Munthu amene wadya zonsezi 3 koloko sangafunenso mtanda wa nsima 7 koloko. N'chifukwa chake cena, chakudya cha usiku, chimakhala chopepuka.

Chimene mukuphonya inu ndi almuerzo. Ichi chimadyedwa cha m'ma 10 kapena 11 m'mawa ndipo ndi cholemera: mazira ndi nyemba, kapena chilaquiles, zimene ndi tortilla za dzulo zodulidwa, zokazingidwa, zothiridwa msuzi wa tsabola. Anzanu a m'kalasi akamatuluka nthawi imeneyo, musaganize kuti akupita kukamwa tiyi chabe. Atsatireni. Ndipo m'mawa mukamapita, yang'anani pa ngodya ya msewu mayi amene ali ndi chimphika chachitsulo chotuluka nthunzi. Amagulitsa tamales ndi atole. Atole ndi phala la chimanga lomwera m'kapu, ndipo tamal ndi m'bale wake wa mkate wathu uja wokulunga m'masamba a nthochi, kungoti wawo nthawi zambiri amaukulunga m'makoko a chimanga n'kuikamo nyama ndi tsabola. Mukadya ziwirizi simudzamvanso 12 koloko ikudutsa.

Za ufa zija, musataye mtima. Ufa umenewo ndi wa chimanga chophikidwa kale ndi laimu. Mphuno yanu sinaname.

Kambuzi77
Laimu wopaka nyumba? Anthu akudya laimu? Ayi ndithu, izi ine sindingaike m'kamwa.

Gogo_Chidulo
Mwanawe Kambuzi, therere limene unakulira lija ankathiramo chiyani? Si madzi a phulusa? Ife tinkawotcha zitsononkho kapena makoko a nyemba, phulusa lake n'kulitcheza, madzi ake n'kuphikira therere. Palibe anafa. Usanyoze za eni ake usanamve.

Mphunzitsi_Ntcheu
Agogo alasa penipeni. Dzina la kaphikidwe kameneka ndi nixtamal, lochokera ku chilankhulo cha Nahuatl chimene ankayankhula Aaztec ndipo anthu ambiri akuyankhulabe ku Mexico. Nextli ndi phulusa, tamalli ndi ufa wokanda. Ndiye kuti dzina lenilenilo likunena za phulusa. Ena amagwiritsa ntchito phulusa mpaka lero, koma ambiri amagwiritsa ntchito laimu amene amamutcha cal.

Chimanga ndi cha kumeneko. Anthu a m'chigwa cha mtsinje wa Balsas, kummwera kwa Mexico, ndi amene anachiweta kuchokera ku udzu wotchedwa teosinte zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Kuno ku Africa chinabwera ndi zombo za Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, ndipo chinatenga nthawi yaitali kuti chilande malo a mapira ndi mawere amene makolo athu ankadalira. Chimene chimandiwawa ine ndi ichi: mbewu inawoloka nyanja, koma nzeru yophikira mbewuyo inatsala kutsidya. Amene ananyamula chimanga anaona amayi akuchiphika ndi phulusa ndipo sanaone kuti ndi nkhani yofunika. Ife tinalandira chimanga n'kuchisinja mmene tinkasinjira mapira.

DadaWaMzimba
Aphunzitsi, mukuyankhula ngati makolo athu analakwitsa. Kukonola, kuviika mphale masiku angapo, kuyanika, kusinja, imeneyo si nzeru? Ufa woyera suwonongeka msanga ngati mgaiwa. Amayi athu anapeza njira yawo, yoyenerana ndi nkhokwe zathu ndi nyengo yathu. Tisamangoti chilichonse cha kunja ndiye chabwino.

Mphunzitsi_Ntcheu
Dada, sindinanene kuti analakwitsa. Ndanena kuti sanauzidwe. Zimenezi n'zosiyana.

NamwinoWakale
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma pa nkhani iyi ndiloleni ndiyankhule, chifukwa ndinaiona ndi maso. Mu 1990 ndinkagwira ntchito kumunsi kwa Shire, nthawi imene abale athu a ku Mozambique anathawa nkhondo n'kudzaza misasa ya ku Nsanje ndi madera ena. Chaka chimenecho kunabuka nthenda ya pelagra, ndipo inagwira anthu masauzande ambiri. Khungu la m'khosi, la m'manja ndi la kumapazi, paliponse pamene dzuwa limawomba, linkada n'kumasupuka ngati munthu wapsa ndi moto. Kenako kutsekula m'mimba. Ena mutu unkasokonekera. Amayi ndi amene ankadwala kwambiri. Ndimakumbukira mayi wina amene anabisa manja ake m'chitenje poopa kuti anthu amuyesa wakhate.

Gwero lake linali losavuta kumva. Anthu ankalandira ufa wa chimanga, koma mtedza umene unkabwera nawo limodzi unasiya kufika kwa miyezi. Chimanga chili ndi vitamini wotchedwa niacin, koma ndi womangika mwa njira yoti thupi silingathe kumutenga wambiri. Munthu akamadya nsima yokhayokha popanda mtedza, nyemba zokwanira, nsomba kapena nyama, amadwala. Nthenda imeneyi inavutitsanso alimi osauka a kumpoto kwa Italy ndi kummwera kwa United States, kulikonse kumene chimanga chinafika n'kukhala chakudya cha amphawi. Koma ku Mexico, kumene anthu akhala akudya chimanga kwa zaka masauzande ambiri, sinali nthenda yofala. Laimu ndi phulusa zimamasula niacin uja. Zimawonjezeranso calcium wolimbitsa mafupa, ndipo zimachepetsa poizoni wa chuku chimene chimamera pa chimanga chosungidwa ponyowa.

Nditamva zimenezi patapita zaka, ndinakhala pansi. Phulusa linali paliponse mumsasa muja, pa mafuwa alionse. Sindikunena kuti likanathetsa zonse, anthu ankafunika ndiwo. Koma sindinaiwale.

WaKuChipata
Amayi anamwino, zikomo. Nkhani iyi yandikhudza. Kuno kwathu kum'mawa kwa Zambia tinalandiranso abale a ku Mozambique nthawi imeneyo. Koma ndifunse: a zaumoyo amatiletsa kuthira soda mu ndiwo zamasamba kuti amapha mavitamini. Nanga bwanji phulusa lomwelo likhale labwino mu chimanga?

NamwinoWakale
Funso labwino. Zonse ziwiri ndi zoona. M'masamba, soda ndi chidulo zimawononga vitamini C ndi ena. Mu chimanga namonso zimawonongako pang'ono vitamini wina wotchedwa thiamine. Koma phindu la kumasula niacin ndi lalikulu kwa munthu amene chimanga ndiye chakudya chake cha tsiku ndi tsiku. Ndipo taonani kuti anzathuwo sadya tortilla yokha. Nyemba sizichoka patebulo.

Chemwali_Indiana
Ine ndimagwira ntchito ndi anthu ambiri ochokera ku Michoacán ndi Guanajuato kuno ku America, ndipo chimene ndinaphunzira choyamba n'chakuti zakudya zimene timazitcha za ku Mexico m'malesitilanti ambiri eni ake sazidziwa ngati chakudya cha pakhomo. Taco, tortilla yopinda yoikamo ndiwo, youma yokhotakhota ija yodzaza tchizi chachikasu ndi ya kuno. Mnzanga wina anandiitana kwawo Loweruka, ndipo anaphika pozole. Abale, ndi mphale yophika! Chimanga chachikuluchikulu chophikidwa ndi laimu mpaka chitaphulika ngati duwa, mu msuzi wa nkhumba ndi tsabola wofiira, pamwamba kabichi wosaphika, anyezi ndi ndimu. Ndinadya mbale ziwiri ndikukumbuka mphale ya nyemba imene agogo anga ankaphika ku Mulanje.

Anandipatsanso chakumwa chofiira chimene amati agua de jamaica. Nditalawa ndinafuula kuti ichi ndi chidede! China chinali cha bwemba. Tsiku limenelo ndinaona kuti anthu amenewa ndi ife timadziwana, kungoti sitinakumane.

Kambuzi77
Chidede ndiye ndavomera. Koma tsabola wawo angafike pa kambuzi wathu? Ndikukayika.

Mayi_wa_ku_Puebla
Achimwene a Kambuzi, kambuzi wanuyo ndi mlendo kwathu, makolo ake ndi a ku America konkuno. Habanero wa ku Yucatán ndi wa mtundu umodzi ndi iye, ndipo fungo lake mungalizindikire muli chitsinzire. Koma kusiyana kwake n'kwakuti ife timaona tsabola ngati chinthu chowawitsa ndiwo basi. Kuno tsabola ndi ndiwo payekha. Alipo wamkulu ngati dzanja wotchedwa poblano amene amamuwotcha, kumusenda n'kuikamo tchizi kapena nyama. Yemweyo akauma amasintha dzina n'kukhala ancho, wotsekemera ngati mphesa zouma. Jalapeño akamuumitsa pa utsi amakhala chipotle. Apongozi anga akamaphika msuzi wa ukwati wotchedwa mole amasakaniza ancho, mulato ndi pasilla, chitowe, mtedza, zokometsera zambiri ndi chokoleti pang'ono, ndipo ntchitoyo imatenga masiku awiri. Amathira pa nyama ya nkhukundembo kapena ya nkhuku. Siwawa kwambiri ayi, koma kukoma kwake kumabwera motsatizana, ichi chikatha icho chayamba.

AchimweneJoni
Chokoleti pa nkhuku? Pamenepo mwanditaya.

Gogo_Chidulo
Nanga nsinjiro pa nkhwani? Mlendo akaona koyamba sadabwa?

Mlimi_wa_Linthipe
Zikomo nonse, ndadzuka n'kupeza mayankho ambiri chonchi. Kuno tili m'mbuyo ndi maola 8, ndiye pamene ine ndikudya comida inu mukukonzeka kugona. Mayi a ku Puebla, lero ndatsatira anzanga 11 koloko monga munanenera, ndipo ndadya chilaquiles ndi dzira. Mimba yakhala chete mpaka 3 koloko.

Koma ndikuuzeni zimene ndaona kumunda, chifukwa kumeneko ndiye kwanga. Anatitengera kwa mlimi wina wachikulire amene amalima mwa makolo. Munda wotere amautcha milpa. Nditalowamo ndinaima kaye. Chimanga, nyemba zikuyanga pa mapesi, maungu akuyala pansi, tsabola m'mphepete. Ndi munda wa amayi anga ku Linthipe ndendende. Ndinaona bonongwe akumera yekha pakati pa mizere, ndinafunsa ngati amazula. Mkuluyo anaseka, anati ameneyo ndi ndiwo, amamutcha quintonil, ndipo masamba onse omera okha odyedwa amawatcha quelites. Maluwa a maungu amawaika mu tortilla ndi tchizi. Ku Oaxaca, anandiuza, amaphika msuzi wa nsonga za nkhwani.

Kenako anandionetsa zisononkho za mbewu yake: choyera, chachikasu, chofiira, ndi chabuluu chodera ngati usiku. Dziko lino lili ndi mitundu ya chimanga chamakolo pafupifupi 60, uliwonse ndi ntchito yake. Cha pozole ndi china, cha tortilla ndi china, chokazinga ndi china. Ndinaganiza za chimanga chathu chamakolo cholimba chija, chimene anankafumbwe amachilephera, mmene chikusowera chaka ndi chaka.

DadaWaMzimba
Apo ndiye mwanena. Chikusowa chifukwa inu a zaulimi munatiuza kuti tisiye, tibzale haibulidi. Munatiuzanso kuti nyemba ndi maungu m'munda wa chimanga ndi ulimi wachikale. Lero mwakwera ndege kukaona zomwezo kwa eni ake n'kumadabwa.

Mlimi_wa_Linthipe
Dada, mawu anu ndi owawa koma sindingawakane onse. Haibulidi wadyetsa anthu ambiri pa malo ochepa, ndipo minda yathu ikuchepa. Zimenezo ndimaimirabe. Koma pa nkhani ya kasakaniza, inde, tinathamanga. Kunonso mkangano womwewu ulipo. Ali ndi mawu amene amalemba pa makoma, akuti sin maíz no hay país, kutanthauza kuti popanda chimanga palibe dziko. Ndi "chimanga ndi moyo" wathu uja. Mtengo wa tortilla utakwera mu Januwale 2007, anthu anadzaza misewu ya Mexico City. Ife tikudziwa zimene zimachitika thumba la chimanga likakwera mu Febuluwale.

Mtsikana_wa_Zomba
Pepani ndilowe ndi zanga. Mwatchula mtengo, kodi kwanuko chigayo akugayitsa bwanji ndowa masiku ano? Kuno magetsi akangozima tsiku limodzi, mzere wake umafika kumsewu.

WaKuChipata
Kuno n'chimodzimodzi. Ife tinayamba kugula ufa wa m'mapaketi, koma nsima yake sikhala m'mimba.

DadaWaMzimba
Bwerani ku Nkhata Bay mudye kondowole, muiwale za chigayo.

Kambuzi77
Kondowole ndi nkhani ina, Dada, tisayambe nkhondo imeneyo pano. Ija tinakangana mwezi watha sinathe.

Mayi_wa_ku_Puebla
Nkhani ya chigayo si yapatali ndi mutu wathu. M'midzi ya kuno, m'bandakucha mumaona amayi atanyamula zidebe za chimanga chonyowa chimene chagona m'madzi a laimu, akupita ku molino, chigayo chawo. Kusiyana n'kwakuti chawo chimapera chimanga chonyowa pakati pa miyala iwiri, ndipo chimene chimatuluka si ufa koma phala lolimba lokandika lotchedwa masa. Zigayo zisanabwere, mayi ankagwada pa mphero, imene amati metate, maola ambiri tsiku lililonse. Apongozi anga amati mawondo a amayi awo anali olimba ngati chikopa. Ndikamva zimenezi ndimakumbuka matuza a musi m'manja mwa amayi anga. Chimanga chadyetsa mayiko awiriwa, koma amene anachilipira ndi misana ya akazi.

Akakanda masa, amatapa kamtanda, kukaphwatalala ndi manja kapena ndi kachipangizo kachitsulo, n'kuika pa comal, limene ndi phale lathyathyathya ladothi kapena lachitsulo. Sathira mafuta. Amatembenuza kawiri, ndipo ikapsa bwino imafufuma ngati chule. Amati mtsikana amene tortilla yake yafufuma wakhwima pa zophika, monga ife timanenera za nsima yopanda mibulu. M'tauni anthu amangokagula pa kilo ku tortillería nthawi ya comida itayandikira, ndipo mwana ndiye amatumidwa ndi kansalu.

Mtsikana_wa_Zomba
Ine ndinayesapo kupanga tortilla ndi ufa woyera nditaona pa YouTube. Zinangosweka. Ndinawerenga kuti pamafunika laimu, ndinaganiza kuti akunena timandimu tating'ono tija, ndinafinyiramo. Sizinathandize, ndipo ufa unawonongeka. Chonde wina alongosole bwinobwino, chifukwa ndikufunadi kuphunzira.

Mayi_wa_ku_Puebla
Achemwali, ambiri amasokonezeka pamenepo. Si chipatso ayi, ndi laimu woyera wa ufa uja, koma woyenera kudya. Musatenge wa ku sitolo ya zomangira amene simukudziwa chimene anasakanizamo, ndipo wothira m'munda ndi mtundu wina umene sugwira ntchito imeneyi. Ndipo simungayambire pa ufa. Muyambire pa chimanga chosakonola.

Pa kilogalamu imodzi ya chimanga, laimu ndi magalamu 10, pafupifupi sipuni yaikulu imodzi, ndi madzi malita atatu. Musaphikire mu poto wa aluminiyamu chifukwa laimu amamudya, mphika wadothi ndiye wabwino. Wiritsani pa moto wochepa kwa theka la ola kapena kupitirirapo. Tengani njere imodzi, itikiteni ndi zala. Khungu likasupuka mosavuta koma mkati mukadali molimbirako, phulani. Chisiyeni chigone m'madzi omwewo usiku wonse. M'mawa chidzakhala chachikasu. Tayani madziwo, tsukani kawiri kapena katatu mukutikita, kenako perani chikadali chonyowa. Laimu uja ndi amene amachititsa kuti phalalo ligwirane popanda tirigu. Akachuluka, tortilla imawawa ndipo imanunkha. Ngati mulibe laimu, phulusa losefa la nkhuni zoyera limagwira, koma limafunika lambiri ndipo muyenera kutsuka kwambiri.

Gogo_Chidulo
Mphero ndili nayo, ili kuseri kwa nkhokwe, ndinkaperera mawere. Phulusa ndiye losasowa. Mwana wanga wa ku Puebla, chimanga chathu chamakolo cholimba chija chingatheke?

Mayi_wa_ku_Puebla
Chingatheke agogo, kungoti chidzafuna moto wotalikirapo. Muziyesa njere ndi zala monga ndanenera. Koma musapite nacho chonyowa ku chigayo chathu, chidzatseka sefa ndipo a chigayo adzakukwiyirani. Ngati mukufuna ufa, chiyanikeni pa mphasa chiume kaye.

AchimweneJoni
Ine funso langa ndi limodzi. Zonsezi n'zabwino, koma Mmalawi angasiye nsima n'kumadya timikate? Ine ndikapanda kudya nsima ndimaona ngati sindinadye, ngakhale mundipatse mpunga wodzaza beseni.

NamwinoWakale
Palibe wanena kuti tisiye nsima. Ine ndimangofunsa ngati phala la ana silingapangidwe ndi ufa wa chimanga chotere, makamaka miyezi ya njala pamene ndiwo zasowa. Ku Mexico ana amakula ndi atole. Chovuta chimene ndikuchiona ndi nkhuni, chifukwa kuwiritsa chimanga kumafuna moto wina pamwamba pa wophikira, komanso madzi otsukira. Kwa mayi amene amatunga madzi kutali, imeneyo si nkhani yaing'ono. Ndiponso fungo. Mwamva mlimi wathu mmene anaikanira nsima yake.

Mphunzitsi_Ntcheu
Achimwene a ku Joni, Mmexico naye amanena chimodzimodzi za tortilla. Ndipo taonani izi: bungwe la UNESCO linaika kaphikidwe ka makolo ka ku Mexico pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2010, pa msonkhano umene unachitikira ku Nairobi, potengera chitsanzo cha amayi ophika a ku Michoacán. Mu 2017 nsima yathu inalowa pa mndandanda womwewo. Mbewu imodzi, mbali ziwiri za nyanja. Ine ndikaphunzitsa ana za nsima chaka chino ndiwauzanso za Balsas.

Chemwali_Indiana
Musaiwale ziwala! Anzanga a ku Oaxaca amabweretsa chapulines, ziwala zokazinga ndi mchere, ndimu ndi tsabola. Anzathu achizungu kuntchito anathawa patebulo, ine ndinatapa dzanja lodzaza. Amadyanso nyerere zouluka zimene zimatuluka mvula yoyamba, amati chicatanas. Nditawauza za ngumbi ndi mafulufute tinacheza mpaka nthawi yopuma inatha. Chimodzi chokha chimene sindinachilimbe mtima ndi huitlacoche, chimanga chodwala chija chimene njere zake zimatupa n'kuda mkati. Kwathu timataya, iwo amachigula modula kuposa chabwinobwino.

Mlimi_wa_Linthipe
Chimenecho ndadya dzana, achemwali, mu tortilla yopinda. Chimakoma ngati bowa, ndipotu ndi bowa amene. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza alimi kuti azizula n'kuwotcha.

Ndikuuzeni za dzulo Lamulungu. Banja lonse linasonkhana, ana ndi adzukulu. Anagula barbacoa, nyama ya nkhosa yokulungidwa m'masamba a chomera chotchedwa maguey n'kuphikidwa m'dzenje usiku wonse, imene Texcoco amatchuka nayo. Tinakhala patebulo 3 koloko. Aliyense wolowa amati provecho kwa amene akudya, monga ife timati tidye nawo kapena fikani. Palibe amene anagwira foloko kwenikweni. Amang'amba tortilla, kuipinda, n'kutapira ndiwo, mmene ife timachitira ndi mbamu ya nsima. Apa ndiye ndinamasuka, manja anga anadziwa chochita. Titatha kudya ndinafuna kunyamuka kuti ndithandize kuchotsa mbale, koma bambo a pakhomo anandigwira phewa kuti ndikhale. Kucheza kwa pambuyo pa chakudya kuli ndi dzina lake, sobremesa, ndipo kunyamuka msanga kuli ngati kunena kuti unangobwerera chakudya. Tinakhala mpaka mdima.

Pa macheza amenewo ndinawafotokozera za nsima, za kukonola ndi kuviika mphale, za gaga amene timapatsa nkhumba ndi nkhuku. Mayi aja anandifunsa kawiri ngati ndikunena zoona kuti sitithira cal ngakhale pang'ono. Kenako anati Lachitatu ndidzuke 5 koloko, tikatsuke nixtamal limodzi n'kupita ku molino. Inenso ndawalonjeza nsima yeniyeni ndikapeza ufa wopanda laimu, ndi nkhwani wotendera, chifukwa masamba a maungu ali mbwee kuseri kwa nyumba ndipo mtedza ulipo pamsika.

Kambuzi77
Mukawaphikire yolimba bwino, asatinyoze. Ndipo mutibweretsere mbewu ya chabuluucho.

Mlimi_wa_Linthipe
Mbewu siyenda m'thumba la malaya, achimwene, ili ndi malamulo ake ndipo ingabweretse matenda m'minda yathu. Imeneyo idzere njira yake ya ofufuza.

Gogo_Chidulo
Ine ndaviika kale. Ndasefa phulusa la mthethe, ndawiritsa mbale ziwiri za chamakolo mu mphika wanga wa nyemba, ndipo khungu lasupuka monga ananenera mwana wa ku Puebla. Chasanduka chachikasu ndithu. Chigona m'madzimo usiku uno. Mwana wanga, mawa ndikatsuka, ndipere kangati pa mphero kuti chisalale? Ndipo phale lake likhale lotentha motani, ngati lokazingira mtedza kapena kuposa pamenepo?